Mmene mungasendezere manambala a m'tebulo kuti woyankha mafunso asadziwike

Wochita kalembera kapena kafukufuku akafika pakhomo amalonjeza kuti zomwe auzidwa sizituluka ndi dzina la munthu. Lonjezoli kawirikawiri silisweka pa fomu ayi, limasweka pa tebulo lomwe latuluka mu lipoti. Tebulo likanena kuti m'mudzi wakutiwakuti muli mayi mmodzi wa zaka zopitirira 70 ndipo ali pa ma ARV, dzina silikufunikanso, aliyense wa m'mudzimo wamudziwa kale. Ngakhale amayi a msinkhuwo akhale awiri, tebulo n'kunena kuti mmodzi ndiye ali pa mankhwala, amene sali pa mankhwalayo wadziwa za mnzake.

Njira imodzi yotsekera mpata umenewu ndi yomwe akatswiri a ziwerengero amati rounding. Nambala iliyonse ya m'tebulo imasendezedwa, m'mwamba kapena pansi, kuti ifike pa nambala yogawika ndi nambala ina yomwe mwasankha, monga 3 kapena 5. Nambala yosankhidwayo amaitcha base. M'malangizo ano tizinena kuti kusendeza. Malo amene mzere wopingasa wakumana ndi mzere wotsika tiziwatcha kabokosi, ndipo nambala yophatikiza zonse za mumzere tiziitcha chiwonkhetso. Manambala a m'zitsanzo ndi ongoyerekezera.

Yambani ndi tebulo lenileni

Musanasendeze kalikonse, tulutsani tebulo la manambala enieni pamodzi ndi ziwonkhetso zake zonse, mulisunge pamalo oti owerenga lipoti sangafikepo. Werengani timabokosi tomwe tili ndi 0, 1 kapena 2. Ngati timabokosi totere tadzaza tebulo, vuto ndi kapangidwe ka tebulolo, ndipo kusendeza kudzangokupatsani ma 0 ndi ma 5 opanda phindu kwa aliyense. Phatikizani magulu kaye: zaka muziike m'magulu a 10 m'malo mwa 5, midzi ing'onoing'ono muiwerengere pansi pa gulupu kapena T/A. Mukatero ndiye mupitirire.

Onaninso kuti manambalawo ndi a chiyani. Njira zili m'munsimu ndi za matebulo owerenga anthu, mabanja kapena mabizinesi. Tebulo la ndalama zomwe makampani apeza ndi nkhani ina. Ngati m'boma muli fakitale imodzi yaikulu, kusendeza ndalama zake ku 5 sikubisa kanthu, ndipo kabokosi kotere kamangofunika kukabisa.

Sankhani base

Statistics Canada, ofesi ya ziwerengero ya boma la Canada, imasendeza ziwerengero za kalembera wake ku 5. Stats NZ ya ku New Zealand imasendeza ku 3. HESA, yomwe imatulutsa ziwerengero za ophunzira a m'mayunivesite a ku Britain, imagwiritsa ntchito 5. Base ikakula chitetezo chimakula, koma tebulo limasiya kunena zoona za madera aang'ono. Pa nkhani zoti munthu akadziwika angasalidwe, monga matenda, nkhanza za m'banja kapena milandu, 5 ndiye poyambira pabwino. Base ya 2 musaiganizire n'komwe.

Kafukufuku wofunsa anthu ochepa oimira ambiri amafuna chisamaliro china. Ngati woyankha mmodzi akuimira anthu 200, kabokosi kosonyeza 200 ndi munthu mmodzi, ndipo kusendeza ku 5 sikumukhudza. Apa yang'anani chiwerengero cha omwe anayankhadi. Timabokosi ta oyankha ochepa mutibise, ndipo base ikhale yosachepera chiwerengero chomwe woyankha mmodzi akuimira.

Chifukwa chake njira ya kusukulu sikwanira

Njira yomwe tonse tinaphunzira ndi yosendezera ku nambala yapafupi: 1 ndi 2 zipite ku 0, kuyambira 3 mpaka 7 zipite ku 5, kuyambira 8 mpaka 12 zipite ku 10. Mu Excel ndi =MROUND(A2,5) basi. Ndi yophweka, imapereka yankho lomwelo nthawi zonse, ndipo HESA imaigwiritsa ntchito. Kuipa kwake n'kwakuti wowerenga amadziwa malire enieni a nambala iliyonse, choncho angathe kubwerera chambuyo.

Tayerekezani mzere wa timabokosi tinayi, tonse tikusonyeza 0, chiwonkhetso chake chikusonyeza 10. Kabokosi kosonyeza 0 sikangapitirire 2, ndiye tinayito pamodzi sitingapitirire 8. Chiwonkhetso chosonyeza 10 sichingachepere 8. Yankho ndi limodzi: kabokosi kalikonse kali ndi 2. Mwasendeza, koma manambala onse anayi ali pambalambanda.

Kusendeza mwamaere

Mankhwala ake ndi kuchita maere. Gawani nambala ndi base, muone chotsala. Ngati palibe chotsala, nambalayo isiyeni. Ngati chilipo, mwayi wokwera ndi chotsalacho kugawa ndi base, ndipo mwayi wotsika ndi womwe watsalawo.

Pa base ya 5, nambala 7 ili ndi chotsala 2. Idzakwera kufika 10 kawiri pa kasanu kalikonse, n'kutsika kufika 5 katatu pa kasanu. Nambala 11 idzakwera kufika 15 kamodzi pa kasanu, 4 idzakwera kufika 5 kanayi pa kasanu. Pa base ya 3, nambala 1 imapita ku 0 kawiri pa katatu ndi ku 3 kamodzi pa katatu, ndipo 2 imachita mosemphanitsa.

Mwayiwu sunasankhidwe mwachisawawa. Tengani 7 uja: 10 kuchulukitsa ndi 2/5 ndi 4, 5 kuchulukitsa ndi 3/5 ndi 3, pamodzi 7. Ndiye kuti pa avereji tebulo silikukokera m'mwamba kapena pansi. Mukaponya ndalama yachitsulo kuti mwayi ukhale theka ndi theka pa nambala iliyonse, ma 1 onse adzafufuma n'kukhala ngati 2.5 pa avereji, ndipo matenda osowa adzaoneka ochuluka kuposa mmene alili.

Tsopano wowerenga akaona 5, nambala yeniyeni ingakhale iliyonse kuyambira 1 mpaka 9. Akaona 0, ingakhale kuyambira 0 mpaka 4. Mzere wa ma 0 anayi ndi 10 uja sungamasulidwenso ndi yankho limodzi.

Maere achitike kamodzi kokha

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mukalemba fomyula yokhala ndi RAND() mu Excel, imachita maere atsopano nthawi iliyonse fayilo ikatsegulidwa kapena kusinthidwa. Kabokosi komweko kadzatuluka 5 mu lipoti la Januwale, 10 mu lipoti la Malichi. Woona zonse ziwiri wadziwa kuti nambala ili pakati pa 6 ndi 9. Akakapeza kabokosiko m'matebulo makumi angapo n'kutenga avereji, adzafika pafupi kwambiri ndi 7. Ubwino uja wosakokera mbali wasanduka chida cha wofuna kuulula.

Lamulo lake ndi ili: gulu lomwelo la anthu lizituluka ndi nambala yomweyo, m'tebulo lililonse, tsiku lililonse. Njira yodalirika ndi yopatsa woyankha aliyense kiyi wake, nambala yopezeka mwamaere yomwe sidzasinthanso. Australian Bureau of Statistics inakhazika njira ya makiyi mu TableBuilder, pulogalamu yomwe anthu amadzipangira okha matebulo a kalembera. Stats NZ inayamba kusendeza ku 3 ndi makiyi osasintha pa kalembera wa 2018, ndipo Office for National Statistics inagwiritsa ntchito makiyi pa kalembera wa 2021 wa England ndi Wales. Ku Australia ndi ku Britain kiyi amasankha kanambala koonjezera kapena kochotsera m'malo mosendezera ku base, koma kapangidwe ka kiyiyo ndi kofanana.

Chitani motere. M'fayilo yomwe ili ndi mzere umodzi pa woyankha aliyense, onjezerani mzere wotsika wa makiyi. Lembani =RAND() mpaka pansi, mukopere mzere wonsewo, n'kuumata pomwepo ndi Paste Special, Values, kuti manambala aume asasinthenso. Popanga tebulo, kabokosi kalikonse katulutse zinthu ziwiri: chiwerengero cha anthu, ndi kuphatikiza kwa makiyi a anthu omwewo. Pa kuphatikizako tayani nambala yathunthu, musunge za kuseri kwa kadontho. Zimenezo ndiye kiyi wa kabokosi.

Mwachitsanzo, kabokosi kali ndi anthu awiri, makiyi awo 0.81 ndi 0.46. Pamodzi ndi 1.27, kiyi wa kabokosi ndi 0.27. Chotsala ndi 2, ndiye malire ndi 2/5, kapena kuti 0.4. Kiyi akachepera malirewo nambala imakwera, akafika kapena kupitirira imatsika. Apa 0.27 ndi wochepera 0.4, choncho 2 akhala 5. Ngati chiwerengero chili mu A2 ndipo kuphatikiza kwa makiyi kuli mu B2, fomyula ndi iyi:

=A2-MOD(A2,5)+IF(MOD(B2,1)<MOD(A2,5)/5,5,0)

Anthu awiri omwewa akapezeka okha m'kabokosi ka tebulo lina, makiyi awo ndi omwewo, yankho lidzakhalanso 5.

Kanthu kena kakang'ono kamavutitsa pa mafayilo akuluakulu. Kompyuta ikaphatikiza manambala a kadontho ambirimbiri, manambala akumapeto amatha kusiyana malinga ndi ndondomeko yomwe yawaphatikizira, ndipo kiyi amene ali pamalire penipeni angagwere uku lero, uko mawa. Pewani izi posunga makiyi ngati manambala athunthu, tinene kuyambira 0 mpaka 999,999. Mukaphatikiza, tengani chotsala pogawa ndi 1,000,000, kenako mugawe chotsalacho ndi 1,000,000 kuti mupeze kiyi wa kabokosi.

Ziwonkhetso

Chiwonkhetso chilichonse chisendezeni pachokha kuchokera ku nambala yake yeniyeni, ndi makiyi a anthu onse a mumzerewo. Musaphatikize timabokosi tosendezedwa kale. Pa base ya 5, kabokosi kamodzi kamasochera ndi pafupifupi 2 uku kapena uko. Mukaphatikiza timabokosi 100 totere, kusochera kwa chiwonkhetso kumafika cha m'ma 20, pomwe chiwonkhetso chosendezedwa pachokha sichisochera kupitirira 4.

Mtengo wake ndi wakuti tebulo silidzaphatikizika. Wina adzatenga kakyuleta, n'kupeza 15 pomwe tebulo lati 20, n'kuimba foni kuti mwalakwitsa. Statistics Canada imavomereza zimenezi ndipo imangowachenjeza owerenga. Koma matebulo ena, monga ogawira zipangizo kapena opita ku khonsolo, amafunika kuti mizere igwirizane ndi ziwonkhetso zake. Pamenepo pali njira yachitatu.

Kusendeza kosunga ziwonkhetso

Akatswiri amaitcha controlled rounding. Mu 1982 Lawrence Cox ndi Lawrence Ernst anasonyeza kuti pa tebulo la mbali ziwiri, la mizere yopingasa ndi yotsika basi, n'zotheka nthawi zonse kusendeza kabokosi kalikonse ku nambala yoyandikana nayo ziwonkhetso n'kugwirizanabe. Mu 1987 Cox anafalitsa njira yochitira zimenezi mwamaere mosakokera mbali. Pa tebulo laling'ono mungaichite ndi pensulo.

Nali tebulo la anthu aulumali m'midzi iwiri, motsatana osaona, osamva, ovutika kuyenda, kenako onse:

Mudzi A: 2, 7, 11, onse 20
Mudzi B: 8, 3, 4, onse 15
Midzi yonse: 10, 10, 15, onse 35

Njira ya kusukulu ikanapatsa Mudzi A 0, 5, 10, zomwe ndi 15 pomwe chiwonkhetso ndi 20, ndipo Mudzi B 10, 5, 5, zomwe ndi 20 pomwe chiwonkhetso ndi 15.

M'malo mwake, pezani njira yozungulira yodutsa m'timabokosi tosagawika ndi 5 tokhatokha. Yambani pa kabokosi kamodzi, yendani chopingasa kufika pa kena, mutsike kapena kukwera kufika pa kena, muyendenso chopingasa, mpaka mubwerere pomwe munayambira. Tiyambe pa 2, tipite pa 7, titsike pa 3, tibwerere pa 8, tikwere pa 2. Ikani zizindikiro mosinthanasinthana: 2 kuonjezera, 7 kuchotsera, 3 kuonjezera, 8 kuchotsera. Popeza mzere uliwonse wokhudzidwa uli ndi kuonjezera kumodzi ndi kuchotsera kumodzi, ziwonkhetso sizisuntha.

Funsani kuti mungasunthe ndi zingati kabokosi kena kasanalumphe nambala yogawika ndi 5. Potsata zizindikirozo, 2 angakwere ndi 3, 7 angatsike ndi 2, 3 angakwere ndi 2, 8 angatsike ndi 3. Yaing'ono ndi 2. Mukatembenuza zizindikiro, 2 angatsike ndi 2, 7 angakwere ndi 3, 3 angatsike ndi 3, 8 angakwere ndi 2. Yaing'ono ndi 2 kachiwiri. Mbali ziwirizi zafanana, ndiye maere ndi theka ndi theka. Tinene kuti agwera mbali yoyamba:

Mudzi A: 4, 5, 11
Mudzi B: 6, 5, 4

Timabokosi tiwiri tafika. Timeneti musatikhudzenso. Zungulirani m'totsalato: 4 wa Mudzi A kuonjezera, 11 kuchotsera, 4 wa Mudzi B kuonjezera, 6 kuchotsera. Potsata zizindikiro mungasunthe ndi 1 yekha. Mukatembenuza mungasunthe ndi 4. Pano maere sakhalanso theka ndi theka. Mwayi wa mbali iliyonse ndi kusuntha kwa mbali inayo kugawa ndi kusuntha kwa mbali zonse pamodzi. Mbali yosuntha ndi 1 ili ndi mwayi wa 4/5, yosuntha ndi 4 ili ndi mwayi wa 1/5. Apa m'posavuta kusemphanitsa, ndiye tsimikizani: 1 kuchulukitsa ndi 4/5 kukufanana ndi 4 kuchulukitsa ndi 1/5, kutanthauza kuti palibe mbali yomwe yakonderedwa. Maere akagwera pa 1, tebulo latha:

Mudzi A: 5, 5, 10, onse 20
Mudzi B: 5, 5, 5, onse 15
Midzi yonse: 10, 10, 15, onse 35

Ulendo uliwonse umamaliza kabokosi kamodzi kapena kuposerapo, choncho ntchitoyi ili ndi mathero. Pa tebulo lalikulu njira yozungulira ingadutse m'timabokosi 6, 8 kapena kuposa, ndipo sizisintha kanthu.

M'chitsanzochi ziwonkhetso zinali zogawika kale ndi 5, zomwe sizichitikachitika. Zikakhala zosagawika, onjezerani mzere wotsika wothandizira kumapeto ndi mzere wopingasa wothandizira pansi. M'kabokosi kothandizira lembani nambala yomwe ikusowa kuti chiwonkhetso chifike pa nambala yotsatira yogawika ndi 5: mzere wa 23 ulandire 2, mzere wa 16 ulandire 4, wogawika kale ulandire 0. Pangodya pomwe mizere yothandizira yakumana lembani chotsala cha chiwonkhetso chachikulu. Sendezani tebulo lonse pamodzi ndi timabokosi tothandizirato, kenako mutichotse n'kuphatikiza mizere mwatsopano. Mzere wa 23 uja udzatuluka 20 kapena 25, osati kwina.

Tebulo likakhala la mbali zitatu, monga mudzi, msinkhu ndi mtundu wa ulumali, chitsimikizo chija chimatha. Alipo matebulo a mbali zitatu omwe alibe yankho lotere, ndipo pamafunika kulola timabokosi tina kusuntha kupitirira nambala yoyandikana nayo. Imeneyo si ntchito ya pensulo. Pulogalamu ya Tau-Argus, yomwe inachokera ku Statistics Netherlands, ili ndi gawo la controlled rounding. Odziwa pulogalamu ya ziwerengero yotchedwa R angaone SmallCountRounding, yochokera kwa akatswiri a Statistics Norway, yomwe imasendeza timabokosi ta manambala aang'ono tokha, ndi cellKey ya njira ya makiyi.

Dziwaninso kuti kusendeza kosunga ziwonkhetso kumayang'ana tebulo limodzi. Chiwonkhetso cha mzere wa 23 uja chingatuluke 20 m'tebulo lino, 25 m'tebulo lina, ndiye tabwerera ku vuto la maere obwerezedwa lija. Ngati matebulo ndi ochepa ndipo mukuwadziwa onse pasadakhale, asendezeni pamodzi, kapena khazikitsani ziwonkhetso zogawana kamodzi n'kuzigwiritsa ntchito monsemo. Ngati anthu azipempha matebulo atsopano chaka chonse, makiyi ndiye abwino, ndipo kusaphatikizikako mungokuvomereza.

Mipata yomwe imatsala yotsegula

Maperesenti ndiwo amaulula kwambiri. Tebulo lati anthu ndi 5, ndipo pambali mwalemba 28.6%, yowerengedwa kuchokera ku manambala enieni. Pakati pa 1 ndi 9, nambala yokhayo yomwe ingabale 28.6% ndi 7, ndipo pamwamba pake ndi 2. Kusendeza konse kwapita pachabe. Werengani maperesenti kuchokera ku manambala osendezedwa, kapena muwabise gulu likachepa. HESA siitulutsa peresenti ya gulu la anthu ochepera 22.5, ndiponso siitulutsa avereji ya anthu 7 kapena ocheperapo. Ma grafu ndi mapu nawonso achokere ku tebulo losendezedwa, chifukwa grafu ya mu Excel imanyamula manambala ake mkati, ndipo amene walandira fayilo amawaona akangoidina.

Chachiwiri ndi mzere womwe anthu onse agwera m'kabokosi kamodzi. Ngati pamalo ena antchito pali amayi 40 ndipo tebulo likusonyeza 40 pa gulu la malipiro otsikitsitsa ndi 0 pena ponse, wowerenga wadziwa pafupifupi malipiro a mayi aliyense wa pamenepo, ngakhale manambala ndi aakulu. Kusendeza sikuchiza zimenezi. Phatikizani magulu kapena musatulutse mzerewo.

Chachitatu ndi mawu a m'lipoti. Tebulo lati 5, koma ndime yofotokozera yati "odwala atatu okha". Wolemba ndime apatsidwe tebulo losendezedwa lokha.

Musanatulutse, perekani matebulo onse a lipotilo, pamodzi ndi omwe anatuluka kale kuchokera ku fayilo yomweyo, kwa mnzanu amene sanaone manambala enieni. Alembe malire apansi ndi apamwamba a kabokosi kalikonse kakang'ono, kenako awapanikize pogwiritsa ntchito ziwonkhetso. Kabokosi komwe malire ake afika pa nambala imodzi kaululika, ndipo pamenepo kwezani base kapena phatikizani magulu.

Pansi pa tebulo lililonse lembani chiganizo monga ichi: "Manambala asendezedwa mwamaere ku nambala yogawika ndi 5 pofuna kuteteza oyankha. 0 angatanthauze kuyambira 0 mpaka 4, ndipo timabokosi sitingafanane ndi chiwonkhetso." Kunena njira ndi base sikufooketsa chitetezo. Chomwe sichiyenera kutuluka ndi makiyi. Amene ali nawo angachepetse malire a nambala iliyonse, chifukwa akudziwa mbali yomwe maere anagwera. Musanatumize fayilo ya oyankha kwa wofufuza wakunja kwa ofesi, fufutanimo mzere wa makiyi, osati kungoubisa ndi Hide. Makiyiwo akhale m'fayilo yawoyawo yotsekedwa ndi pasiwedi, yolumikizidwa ndi nambala ya woyankha, ndipo ikhale ndi kope lina losungidwa pabwino, popeza akatayika n'kupangidwa atsopano, tebulo lililonse lakale lomwe mudzalitulutsenso lidzakhala maere achiwiri pa anthu omwewo.